Paipi ilowe m'nyumba, chinyezi chitsale kunja

Mukayenda mumsewu wa M5 kuchokera pa Chintheche, kudzera kwathu kuno ku Bandawe mpaka kukafika ku Kande, muona kuti nyumba za njerwa ndi malata zikuchulukirachulukira. Zina ndi za asodzi amene usipa udawakomera, zina ndi za aphunzitsi ndi anamwino opuma pantchito, koma zambiri ndi thukuta la abale athu amene akugwira ntchito ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban. Masiku ano womanga nyumba sakhutiranso ndi mpopi wa pabwalo. Akufuna sinki kukhitchini, shawa kubafa ndi chimbudzi chogejemula m'kati momwemo. Palibe cholakwika pamenepo. Mayi amene wakhala akusenza ndowa kuyambira ali kamtsikana ayenera kupumako. Ndipo ife a m'boma la Nkhata Bay, amene tidaona mmene kolera wa mu 2022 ndi 2023 adasautsira midzi ya m'mbali mwa nyanja, sitifunika kuuzidwa kawiri ubwino wa madzi aukhondo pakhomo. Mliri umenewo udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Koma awerengi anzanga, lowani m'nyumba zomwezi patatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Mupeza ngodya ya kufupi ndi bafa yada, penti ikusupuka, m'munsi mwa khoma mwatuluka ufa woyera wonga mchere, matailosi akulira ngati ng'oma mukawagogoda, ndipo fungo la chuku lakulandirani pakhomo. Eni nyumba amaloza chala simenti, ena amati mmisiri adaba, ena amafika poganiza kuti pali munthu wawachita chipongwe. Mukatsata banga lonyowalo kuti muone pomwe lidayambira, nthawi zambiri limakufikitsani pamalo amodzi: pomwe paipi idaboola simenti ya pansi polowa m'nyumba. Sabata ino tikambirane za kabowo kameneka, chifukwa kakugwetsa mtengo wa nyumba zimene anthu adazivutikira zaka zambiri.

Tiyambe ndi funso losavuta: n'chifukwa chiyani pansi pa nyumba yomangidwa bwino pamakhala pouma, chonsecho dothi la pansi pake n'lonyowa? Ambiri amayankha kuti ndi simenti. Yankho limeneli n'loona mbali imodzi yokha. Konkire, ngakhale italimba ngati mwala, ili ndi timibowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amatha kukwera m'timibowo timeneti. Ana anga a sayansi ndimawaonetsa zimenezi ndi njerwa youma. Timaiimika m'beseni lokhala ndi madzi pang'ono m'mawa, ndipo pofika nthawi yoweruka mzere wonyowa umakhala utakwera kupitirira pomwe madzi akulekezera. Ndi zomwe zimachitika m'nyali ya koloboyi. Palafini amakhala pansi, moto pamwamba, koma chingwe chimamukweza popanda wompopa. Simenti yokhudzana ndi dothi lonyowa ili ngati chingwe chimenecho.

N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito samangothira konkire pa dothi. Amayamba watsira miyala kapena zidutswa za njerwa n'kuzitsendera bwino. Pamwamba pake amayala mchenga kuti nsonga za miyala zisaonekere. Kenako amayala pepala lakuda la pulasitiki, ndipo konkire ya masentimita 7 mpaka 10 imabwera pamwamba pa pepalalo, n'kumaliza ndi simenti yosalaza. Pa zonsezi, chimene chimatsekereza chinyezi ndi pepala lija. Lofunika pantchitoyi ndi lokhuthala mamaikiloni 250, limene m'masitolo ena amalitchula kuti geji 1000. Kuti mumvetse kukhuthalako, kumbukirani kuti majumbo amene boma lidaletsa ndi opyapyala osafika mamaikiloni 60, ndiye kuti pepala la pansi pa nyumba limaposa pamenepo kanayi. M'khoma namonso mumayalidwa kampepala kena kotere, pamtunda wa masentimita osachepera 15 kuchokera pa dothi la kunja. Mapepala awiriwa akalumikizana, nyumba imakhala ngati yaikidwa m'beseni losadontha.

Tsopano taganizani paipi. Imachokera kunja, pansi pa nthaka, ndipo kuti ifike pa sinki iyenera kuboola beseni limenelo. Apa ndiye pagona nkhani. Kulowetsa paipi kudzera pansi n'kuboola chinthu chokhacho chimene chikuteteza nyumba yanu ku chinyezi. Choncho pali njira ziwiri zokha zanzeru: kupewa kuboolako, kapena kuboola mwadongosolo n'kutseka bala lake bwinobwino.

Mwina kumadera ouma monga kuchigwa cha Shire munthu akhoza kulakwitsa pamenepa n'kupulumuka kwa zaka zingapo. Kuno ayi. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, n'chifukwa chake mitengo ya labala ya ku Vizara ndi tiyi wa ku Kawalazi zimachita bwino. Anzathu a m'chigawo chapakati akamakolola, ife mvula imakhala ikadagwabe mu Epulo ngakhale mu Meyi. Dothi lathu la m'mbali mwa nyanja ndi lamchenga ndipo madzi a pansi ali pafupi, monga amadziwira aliyense amene adakumbapo chitsime kapena dzenje la chimbudzi. Mu 2024 nyanja idakwera kufika pomwe idali isadafikepo kwa zaka zambiri, n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'magombe. Nyanja ikakwera chotero, madzi a pansi pa nthaka yoyandikana nayo amakweranso. Nyumba ikhoza kukhala kutali ndi mafunde koma maziko ake ali m'dothi lokhuta madzi.

Chinyezi chobwera ndi paipi chimalowa m'njira zitatu, ndipo n'kofunika kuzisiyanitsa chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Njira yoyamba ndi ija tanenayi: pepala lang'ambika pozungulira paipi, ndipo chinyezi cha m'dothi chikukwera pamenepo. Yachiwiri ndi kudontha kwa paipi yeniyeniyo pansi pa simenti. Izi zimachitika kwambiri pamalo olumikizira, kapena paipi ikakhala yachitsulo n'kuchita dzimbiri, kapenanso ikagwidwa zolimba ndi konkire moti singathe kusuntha. Paipi ya pulasitiki imatalika ikatentha n'kufupika ikazizira, ndipo nyumba yatsopano imatitimira pang'ono m'zaka zoyamba. Paipi yomangidwa m'konkire ngati mkaidi imathera pong'aluka. Njira yachitatu ndi thukuta. Botolo la Fanta lochokera mufiriji limanyowa kunja ngakhale silidabooke, chifukwa chinyezi cha mumpweya chimasanduka madontho chikakhudza chinthu chozizira. Paipi yochokera m'nthaka yozizira imachita chimodzimodzi m'miyezi ya dzinja, ndipo madonthowo amatsetsereka mpaka pansi.

Kabowo komweko kamaitananso alendo ena. Chiswe chimangofuna mng'alu wochepetsetsa kuti chilowe, ndipo chimakonda ponyowa. Chikatsata paipi n'kutulukira kuseri kwa kabati ya sinki, mumadzazindikira mafelemu a zitseko atasanduka makoko. Mpata ukakula, mphemvu ndi makoswe nazo zimapeza msewu.

Wina anganene kuti kunyowa pang'ono pakona si imfa. Koma taonani zomwe timasunga pansi m'nyumba zathu: matumba a chimanga, makaka a kondowole, mtedza, usipa wouma, masutikesi a zovala, mabuku a ana ndi mphasa zogonapo. Chimanga ndi mtedza zikachita chuku zimatha kukhala ndi poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo mu 2009 osonyeza kuti kukhala m'nyumba za chinyezi ndi nkhungu kumawonjezera chifuwa, mphumu ndi matenda ena a m'njira yopumira. Nkhungu ya panyanja ife timaikola n'kudyera nsima, koma ya pakhoma ndiyo imadya ife. Palinso choopsa china. Madzi akasiya kutuluka m'mipopi, paipi yobooka imatha kuyamwa madzi a m'dothi loizungulira. Ngati pafupi pakudutsa paipi ya kuchimbudzi yomwe nayonso ikudontha, zonyansazo zimalowa m'madzi akumwa.

Nanga tichite bwanji? Ndiyambe ndi amene akumanga kumene, chifukwa kwa iwo ntchitoyi ndi yotsika mtengo. Chinthu choyamba n'chakuti pulambala abwere konkire isadathiridwe, osati nyumba itatha. Chizolowezi chathu n'choti womanga amalize, apake penti, kenako tiitane pulambala adzaswe. Khalani pansi nonse atatu, inu, womanga ndi pulambala, mugwirizane pomwe padzakhale sinki, shawa ndi chimbudzi. Ngati n'kotheka zonsezi zikhale mbali imodzi ya nyumba, moyandikana ndi khoma la kunja, kuti paipi iyende mtunda waufupi pansi pa simenti. Mita iliyonse ya paipi yokwiriridwa m'nyumba ndi mita yomwe simudzatha kuiona ikadzavuta.

Chachiwiri, paipi ya madzi isakhudzane ndi konkire. Ilowe m'kati mwa paipi ina yokulirapo, monga mpeni ulowera m'chimake. Paipi yobweretsa madzi m'nyumba kawirikawiri imakhala ya mamilimita 20 kapena 25. Chimake chake chikhale cha mamilimita 50 ngati njira ili yowongoka, ndipo ngati pali pokhota tengani cha 75 kapena 110. Chimakecho chiyambire kunja kwa maziko, chidutse m'khoma la maziko, chikhote pang'onopang'ono ngati uta, n'kutulukira m'nyumba. Musachikhotetse mwadzidzidzi ngati chigongono, chifukwa paipi ya m'kati sidzatha kudutsa. Pamwamba chitalike masentimita 3 mpaka 5 kupitirira pomwe matailosi adzalekezere, kuti madzi okolopera asamalowemo. Ubwino wa chimake ndi wapawiri. Paipi imasuntha momasuka, ndipo tsiku lomwe idzawonongeke mudzangoisolola n'kulowetsa ina, osaswa tailosi ndi imodzi yomwe.

Chachitatu, pansi pa nyumba pasakhale polumikizira. Paipi yakuda ya HDPE imagulitsidwa yokulunga, yaitali, moti ikhoza kuchoka kunja mpaka m'nyumba ili imodzi. Zolumikizira zonse zikhale poonekera, kunja kwa nyumba kapena pamwamba pa simenti. Mmisiri akakuuzani kuti alumikiza zidutswa ziwiri zotsala kuti musagule ina, mukane mwaulemu. Paipi yachitsulo musaikwirire m'dothi lonyowa la kuno, imachita dzimbiri msanga. Ya kopa nayo isagone m'simenti yopanda chokutira. Kunja, ngalande ya paipi ikhale yakuya theka la mita kapena kuposerapo kuti khasu la wolima chinangwa lisaipeze, ndipo muyale mchenga pansi ndi pamwamba pake musadakwirire. Pafupi ndi khoma, paipi isadalowe m'chimake, ikani chotsekera madzi kuti vuto likagwa usiku mutseke nokha.

Chachinayi ndiye mtima wa nkhani yonse: kutseka bala la pepala. Pomwe chimake chikutulukira, musang'ambe pepala ndi manja. Lidulani ndi lumo mopingasa ngati mtanda, bowo likhale locheperapo kuposa chimake, kuti polowetsa pepalalo ligwire mothina ndipo makutu ake anayi aimirire m'mbali mwa chimakecho. Mangani makutuwo ndi tepi yolimba yosalowa madzi. Kenako dulani chigamba china cha pepala lomwelo, cha masentimita 50 mbali zonse, muchiboole chimodzimodzi, muchiveke pamwamba n'kumata m'mphepete mwake monse. Paliponse pomwe mapepala awiri akumana apitirirane masentimita osachepera 15, ndipo 30 ndiye bwino koposa. M'mbali mwa chipinda pepala likwere kukakumana ndi la m'khoma. Tsiku lothira konkire yalani matabwa poyenda wilibala, ndipo pakaboka pamatidwe nthawi yomweyo. Ntchito yonse ya pozungulira chimake siposa theka la ola.

Chachisanu, tsekani milomo yonse iwiri ya chimake. Mpata wa pakati pa paipi ndi chimake ukasiyidwa, umakhala ngalande ya madzi a mvula, chiswe ndi fungo la m'nthaka. Tsekani ndi silikoni kapena zomatira zina zofewa zimene zimalola paipi kusuntha. Musatseke ndi mapepala a matumba a simenti kapena nsanza, chifukwa zimenezo ndi chakudya cha chiswe komanso zimayamwa madzi ngati chingwe cha koloboyi chija. Simenti yolimba nayo siyenera pamenepa, chifukwa imang'aluka komanso imagwira paipi yomwe timafuna ikhale yomasuka. Phula musalipake pa paipi ya pulasitiki ya madzi akumwa, popeza mafuta a m'phula amatha kulowerera m'pulasitiki n'kuipitsa madzi.

Chomaliza, yesani musadakwirire. Dzazani mapaipi ndi madzi, tsekani mipopi yonse, musiye usiku ndi usana, kenako muyende ndi nsalu youma kukhudza polumikizira paliponse. Ngati madzi sadafike pamalopo, pulambala ali ndi kapampu koyesera, kapena mukhoza kukweza mgolo pamwamba n'kulumikiza mongoyembekezera. Mapaipi otaya madzi, monga ya mamilimita 110 ya kuchimbudzi, ndi ovuta kuwapewera zolumikizira za pansi. Amenewa amatidwe bwino ndi guluu wake, atsetsereke pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse, ndipo ayesedwe potseka kumapeto n'kuwadzaza madzi. Mlingo ukatsika pofika m'mawa, penapake pakudontha. Pepala liwamatidwe mozungulira monga tachitira ndi chimake, ndipo asayende m'ngalande imodzi ndi paipi ya madzi akumwa.

Tsopano ndilankhule ndi amene nyumba yawo idatha kale, omwe ndi ambiri. Langizo langa n'lakuti musaswe pansi ngati pali njira ina, ndipo kawirikawiri njirayo imakhalapo. Kumayiko ozizira monga Britain amakwirira paipi mozama n'kuilowetsa kudzera pansi chifukwa madzi amaundana m'nyengo yachisanu n'kuphulitsa paipi yoonekera. Kuno kunyanja madzi saundana, ndiye palibe chotikakamiza kutengera zimenezo. Paipi ibwere m'nthaka mpaka pakhoma la kunja kwa khitchini kapena bafa, ikwere ndi khomalo, n'kulowa pamwamba pa mzere wa kampepala ka m'khoma kaja. Bowolo lipendekeke pang'ono, kunja kukhale kotsika, kuti mvula yowomba khoma isatsate paipi kulowa m'nyumba. Muikemo kachimake kakafupi n'kutseka mbali zonse ziwiri. Gawo loonekera kunja mulipake penti kapena mulimangire kabokosi, chifukwa dzuwa limaumitsa mapaipi ena a pulasitiki mpaka kusweka. Ena amadandaula kuti paipi yoonekera siikongoletsa nyumba. Koma paipi yoonekera ikadontha mumaiona tsiku lomwelo, pomwe yobisika imakuuzani patatha miyezi, khoma litavunda kale.

Nthawi zina kuswa sikupeweka, monga pamene bafa lili pakati pa nyumba. Zikatero, musalole munthu kungoyamba kumenya ndi hamala yaikulu, chifukwa ming'alu imathamanga kutali ndipo pepala la pansi limanyenyeka. Adule kaye mizere iwiri ndi makina odulira simenti, kenako achotse za pakati pang'onopang'ono. Ngalandeyo ikhale yotakata mokwanira kuti mbali zonse ziwiri kutsale mlomo wa pepala lakale wa masentimita 10 mpaka 15 wosang'ambika. Akaika chimake n'kubwezera mchenga wotsendera, ayale pepala latsopano lopitirira pa milomo ija n'kumata ndi tepi. M'mbali mwa konkire yakale atsukemo fumbi, anyowetse, apakemo phala la simenti, kenako athire konkire yatsopano: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala ya kwale. Mchenga ukhale wa kumtsinje wokhakhala, chifukwa wosalala kwambiri umafuna madzi ambiri ndipo konkire yake imang'aluka. Muzithirira kwa masiku 7, ndipo musathamangire kubwezera matailosi. Perekani mwezi wathunthu kapena kuposerapo kuti pamalopo paume.

Mukaswa n'kupeza kuti pansipo padalibe pepala n'komwe, dziwani kuti chigamba cha m'ngalande yokhayo sichingachiritse nyumba yonse. Ikanibe chimake ndi pepala pomwe mwaswapo kuti musawonjezere vuto, koma mankhwala enieni adzakhala kuyala pepala pachipinda chonse n'kuthiranso simenti ina pamwamba. Podikira zimenezo, chotsani dothi lomwe launjikana m'mbali mwa khoma kunja, konzani ngalande zotaya madzi a padenga kutali ndi maziko, ndipo matumba a chakudya muwaike pa matabwa. Amene mukukhala m'nyumba ya lendi, ya sukulu kapena ya mpingo, pemphani chilolezo kwa eni ake musadagwire hamala.

Kwa amene chinyezi chawalowera kale, musayambe n'kugula penti. Yambani n'kufufuza gwero lake, ndipo kufufuzako sikufuna ndalama. Madzulo tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita ya madzi, makamaka ofiira aja amene amawerenga malita, ndipo muwerengenso m'mawa wina asadatunge. Ngati asuntha, paipi ikudontha. Amene muli ndi thanki yanuyanu, lembani mzere ndi choko pomwe madzi alekezera. Tiwerengere limodzi: lita imodzi pa ola ndi malita 24 patsiku, malita 720 pamwezi, zomwe ndi ndowa 36 za malita 20 zothiridwa pansi pa chipinda chanu. Ndipo kwa amene amalandira madzi a Northern Region Water Board, monga pa Chintheche, kumbukirani kuti paipi yochoka pa mita kulowa m'nyumba ndi udindo wa mwini nyumba. Madzi otayikawo amalowa pa bilu yanu.

Ngati mita sidasunthe, tengani pulasitiki yoonekera m'kati ya pafupifupi theka la mita mbali zonse, muimate pansi ponyowapo ndi tepi m'mbali monse, muisiye tsiku lathunthu. Madontho akapezeka kunsi kwake, chinyezi chikuchokera m'nthaka. Akapezeka pamwamba, vuto ndi mpweya wa m'chipindamo: tsegulani mawindo, musatseke timabowo ta mpweya ta m'khoma, ndipo paipi yochita thukuta muikute ndi chofunda cha siponji chimene chimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira. Onaninso nyengo. Banga lokula m'dzinja n'kuchepa m'chilimwe limaloza kunthaka, pomwe losasintha chaka chonse limaloza kupaipi.

Mawu apadera apite kwa abale athu amene akumanga ali kunja. Kufupi ndi kwathu kuli nyumba yokongola imene mnyamata wina ali ku Cape Town adamangira mayi ake. Ndalama ya pepala adatumiza, pepalalo lidagulidwa, ndipo chithunzi cha lisiti chidapita. Koma pepalalo silidafike pansi pa simenti. Lidakafolera denga la udzu kwinakwake, ndipo pulambala adabwera pambuyo n'kukwirira paipi ya zidutswa zitatu m'konkire. Lero mayiwo adachoka kuchipinda chawo chabwino, akugona pabalaza chifukwa cha chifuwa. Mnyamatayo ankalandira zithunzi za denga, mawindo ndi penti, zinthu zomwe akadadzaziona yekha pobwera. Zimene zimafunika zithunzi ndi zomwe zikukwiriridwa. Uzani wokuyang'anirani ntchito kuti ndalama ya konkire mutumiza mukaona pa WhatsApp pepala litayalidwa chipinda chilichonse, chimake chitamatidwa, ndi mapaipi ali ndi madzi oyesera. Mmisiri wachilungamo sakwiya ndi pempho lotere.

Ndikudziwa kuti zinthu zakwera mtengo, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo womanga aliyense akufunafuna pochepetsa. Koma yerekezani nokha. Mbali imodzi kuli mamita awiri kapena atatu a paipi yokulirapo, tepi imodzi, silikoni mmodzi ndi pepala. Mbali inayo kuli kuswa bafa, kugulanso matailosi, simenti, penti, mafelemu odyedwa ndi chiswe, kulipira amisiri kachiwiri, osawerengera bilu ya madzi ndi maulendo a kuchipatala. Ngati ndalama zavuta, chedwetsani matailosi kapena siling'i, zimenezo mukhoza kuika chaka chamawa. Pepala ndi chimake zili ndi tsiku limodzi lokha lolowera, ndipo likadutsa ladutsa.

Posankha pulambala, musachite manyazi kumufunsa komwe adaphunzira. Alipo achinyamata ambiri amene adadutsa m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, ndipo aliponso akuluakulu odziwa ntchito amene adaphunzira pogwira. Onsewa muwayese ndi mafunso atatu. Paipi idutsa m'chiyani? Pansi pa simenti pakhala polumikizira pangati? Muyesa liti? Akayankha kuti idutsa m'chimake, polumikizira palibe, ndipo ayesa asadakwirire, mwapeza mmisiri. Akakusekani n'kunena kuti iye wakhala akukwirira mapaipi m'simenti zaka zonsezi popanda vuto, mufunseni akuperekezeni kunyumba imodzi yomwe adagwirako zaka zisanu zapitazo, mukaone nokha m'munsi mwa khoma la bafa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Madzi ndi mlendo wabwino akalowera pakhomo lomwe mwamukonzera. Mvula ya chaka chino isadayambe, zungulirani nyumba yanu, mupeze pomwe paipi idalowera, mugwade n'kukhudzapo ndi dzanja. Tikumanenso sabata yamawa.